Robert Moog: Mmisiri yemwe adaimbitsa magetsi koma n'kutaya dzina lake

Amene adayang'anitsitsapo kiyibodi, kaya ya m'tchalitchi ku Chilomoni kaya ya m'situdiyo ya kuseri kwa nyumba ku Ndirande, adaonapo kagudumu kakang'ono kamene kamakhala kumanzere kwa makiyi a zida zambiri zotere. Woimba akakakankha ndi chala, liwu limapendeka monga limachitira pa gitala munthu akakoka nsambo. Kagudumuko kadatchuka ndi chida chotchedwa Minimoog, chimene chidatuluka mu 1970 m'kafakitale ka Robert Moog m'dziko la America.

Moog, yemwe adamwalira pa 21 Ogasiti 2005, sadali katswiri woimba ndipo sadali munthu wa madansi. Adali mmisiri wa zamagetsi wokonda kukhala pa tebulo lake ndi mawaya. Komabe mukalondola kumene idachokera besi yonenepa imene imagwedeza masipika m'minibasi za ku Bangwe ndi Machinjiri, njira imodzi yaikulu imakafika pa tebulo limenelo. Luso lake lalikulu lidali kumvetsera zofuna za oimba n'kuwapangira chida chowayenera. Pa malonda ndiye adali wofooka, moti kampani yake idamuchoka m'manja, ndipo kwa zaka zoposa 20 sankatha kugulitsa zida zake pa dzina lake lomwe.

Mwana wa injiniya

Robert Arthur Moog adabadwa pa 23 Meyi 1934 mumzinda wa New York ndipo adakulira m'dera la Flushing ku Queens. Bambo ake, a George Moog, adali injiniya pa kampani ya magetsi ya Consolidated Edison. Mayi ake ankafuna kuti mwanayo adzakhale woimba piyano, choncho ankamukakamiza kuphunzira chidacho kwa zaka zambiri. Iye mtima wake udali m'chipinda chapansi pa nyumba yawo, m'mene bambo ake ankasungiramo zida ndi tizipangizo ta mawailesi.

Ali ndi zaka 14 adapanga chida chake choyamba choimbira potsatira malangizo a m'magazini. Chidacho chidali theremin, chimene Leon Theremin wa ku Russia adachitulukira cha m'ma 1920. Theremin amaiimba osaikhudza. Ili ndi tizitsulo tiwiri, ndipo woimba akayandikitsa dzanja limodzi ku kachitsulo koyamba liwu limakwera, pamene dzanja linalo limalamulira kukula ndi kuchepa kwa phokoso. Chida chimenechi Moog adachikonda mpaka imfa yake.

Mu 1953, ali ndi zaka 19, adayambitsa kampani ya R. A. Moog Co. n'kumagulitsa ma theremin amene ankapanga ndi bambo ake. Sukulu sadaisiye. Adaphunzira fizikisi ku Queens College, zamagetsi ku Columbia University, ndipo mu 1965 adalandira digiri ya udokotala ku Cornell University. Mu 1961 adalemba nkhani m'magazini ya Electronics World yofotokoza theremin ya mathiransisita, ndipo anthu pafupifupi 1,000 adaitanitsa zipangizo zoti akalumikize okha kunyumba pa mtengo wa madola pafupifupi 50. Mu 1963 adatsegula kashopu m'tauni yaing'ono ya Trumansburg, kufupi ndi Cornell.

Batani la belu la pakhomo

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, pa msonkhano wa aphunzitsi a nyimbo ku Rochester, Moog adakumana ndi Herbert Deutsch, wopeka nyimbo yemwe ankaphunzitsa ku Hofstra University. Deutsch ankadandaula kuti kupanga nyimbo ndi magetsi idali ntchito yowawa. Munthu ankajambula mawu pa tepi, n'kuidula ndi lumo, n'kumata zidutswazo chimodzichimodzi. Makina opanga mawu amene adalipo, monga RCA Mark II ya ku Columbia, adali odzaza chipinda, ndipo ankawalamula ndi pepala lobowolabowola m'malo mwa zala.

Mu 1964 awiriwa adakhala limodzi ku Trumansburg kwa milungu ingapo, wina akunena liwu limene akufuna, winayo akulumikiza mawaya. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chimene chidatuluka pamenepo ndicho sinthesaiza ya Moog yoyamba.

Nzeru yake idali yakuti mphamvu ya magetsi ndiyo izilamulira chilichonse. Kachipangizo kotchedwa oscillator kamapanga liwu losaphika, ndipo magetsi akawonjezeka ndi volt imodzi liwulo limakwera ndi octave imodzi, kutanthauza kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba. Liwulo limadutsa mu filter, imene imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: imatsekereza mbali yakuthwa ya liwu n'kusiya yonenepa. Kenaka pali envelope, imene imalamula mmene liwu liyambire, likhalire ndi kuzimirira. Deutsch atadandaula kuti mawu akungoyamba ndi kutha mwadzidzidzi ngati wina wazimitsa nyali, Moog adamutuma kukagula batani la belu la pakhomo, ndipo adapangira pa batanilo njira yoyamba youmbira chiyambi ndi mathero a liwu. Wopeka nyimbo wina, Vladimir Ussachevsky, ndiye adadzapereka maganizo ogawa envelope m'magawo anayi amene akugwirabe ntchito mpaka lero.

Mu Okutobala 1964 Moog adakaonetsa zipangizozo pa msonkhano wa Audio Engineering Society ku New York, ndipo adabwerako ndi maoda. Mmodzi mwa oyamba kugula adali Alwin Nikolais, katswiri wokonza magule a pa siteji. Pa nthawi yomweyo, ku California, Don Buchla ankapanganso sinthesaiza yake, koma iye adakana kuikapo makiyi a piyano poopa kuti angamangirire oimba ku nyimbo zakale. Moog adamvera oimba n'kuika makiyi, ndipo chimenechi chidathandiza kuti chida chake chifike m'manja mwa aliyense wodziwa piyano kapena limba.

Kutchuka kwadzidzidzi

Masinthesaiza oyambirira adali akulu ngati kabati, okhala ndi mawaya ambirimbiri olumikiza ndi manja, ndipo ankatha kuimba liwu limodzi lokha pa nthawi imodzi. Ogula adali mayunivesite ndi opanga nyimbo za malonda a pa wailesi. Mu 1967 Paul Beaver ndi Bernie Krause adaonetsa chidacho pa chikondwerero cha Monterey Pop Festival, ndipo magulu monga The Doors, The Byrds ndi The Monkees adayamba kuchigwiritsa ntchito.

Chimene chidasintha zonse chidali chimbale cha Wendy Carlos chotchedwa Switched-On Bach cha mu 1968. Carlos adatenga nyimbo za Johann Sebastian Bach n'kuzijambula pa Moog, mzere umodzi wa mawu pa nthawi, n'kumasanjikiza pa tepi. Chimbalecho chidapambana mphotho zitatu za Grammy ndipo chidagulidwa koposa miliyoni imodzi. Chaka chotsatira gulu la The Beatles lidagwiritsa ntchito Moog pa chimbale cha Abbey Road, ndipo Gershon Kingsley adapeka Popcorn, nyimbo imene gulu la Hot Butter lidaitchukitsa mu 1972 mpaka kuvinidwa m'mayiko ambiri.

Sikuti onse adakondwa. Bungwe la oimba la American Federation of Musicians lidaletsa kwa kanthawi kugwiritsa ntchito chidachi pa ntchito zamalonda, poopa kuti bokosi limodzi lilanda ntchito oimba malipenga ndi mavayolini. Mantha amenewa ndi omwe amamvekanso kwathu kuno pamene munthu mmodzi wa kiyibodi aimba pa ukwati pomwe kale pankafunika bandi yathunthu.

Minimoog ndi ngongole

Kutchuka kwa 1968 sikudakhalitse. Pofika 1970 maoda adali atachepa, makampani ena monga ARP adali atalowa pamsika, ndipo ngongole zidali zitachuluka. Pa zonse zimene adatulukira pa sinthesaiza yake, Moog adatetezera mwalamulo filter yokha, imene chiphaso chake chidatuluka mu Okutobala 1969. Nzeru zina zonse zidali poyera, aliyense n'kumatola.

M'nyengo yovutayo injiniya wake wina, Bill Hemsath, adatolera zipangizo zotsala m'fakitale n'kulumikiza kasinthesaiza kakang'ono kosafuna mawaya akunja. Moog poyamba sadachite nako chidwi kwenikweni, koma mainjiniya ake adalimbikira, ndipo mu 1970 mudatuluka Minimoog Model D. Idali ndi makiyi 44, ma oscillator atatu, filter yotchuka ija ndi magudumu awiri kumanzere, limodzi lopendeketsa liwu, linalo lolinjenjemeretsa. Munthu ankatha kuinyamula kupita nayo pa siteji. Mtengo wake udali madola pafupifupi 1,500. Wamalonda wina, David Van Koevering, adayenda nayo m'mashopu a zida zoimbira n'kuwakopa eni ake kuti aziigulitsa ngati mmene amagulitsira magitala. Pofika 1981, pamene adasiya kuipanga, adali atapanga pafupifupi 12,000.

Phindu la chida chimenechi silidamupeze Moog ali mwini. Mu 1971 adapereka kampani yake kwa Bill Waytena, yemwe adasenza ngongole zake n'kusamutsira fakitale kufupi ndi mzinda wa Buffalo. Mu 1973 kampaniyo idagulidwanso ndi Norlin, imene idalinso mwini wa magitala a Gibson. Moog adatsala ngati wantchito pa kampani yotchedwa dzina lake, ndipo mu 1977 adachokapo. Dzina la Moog Music lidatsalira komweko. Chaka chotsatira adasamukira kumapiri a North Carolina, kufupi ndi Asheville, n'kuyambitsa kampani yaing'ono yotchedwa Big Briar, kumene adabwerera ku ma theremin ake.

Chida chilowa m'bwalo la madansi

Pamene mwini wake ankatuluka pakhomo la kampani, chida chake chidali chikupeza ntchito imene iye sadaiganizirepo. Ku Germany gulu la Kraftwerk lidagwiritsa ntchito Minimoog pa Autobahn mu 1974. Ku America, Stevie Wonder adajambula zimbale monga Talking Book ndi Innervisions mothandizidwa ndi Malcolm Cecil ndi Robert Margouleff, eni ake a chimakina chotchedwa TONTO chimene maziko ake adali Moog. Bernie Worrell wa gulu la Parliament adaimba besi ya nyimbo ya Flash Light pa Minimoog mu 1977, n'kuonetsa kuti makiyi angathe kugwira ntchito ya gitala la besi, mwinanso kulipitirira pa kunenepa kwa liwu.

Chaka chomwecho mudatuluka I Feel Love ya Donna Summer, imene Giorgio Moroder ndi Pete Bellotte adaijambula mu situdiyo ya Musicland mumzinda wa Munich. Nyimbo za disco za nthawiyo zinkadalira mavayolini, malipenga ndi bandi yaikulu. Iwo adabwereka Moog yaikulu kwa wopeka nyimbo Eberhard Schoener n'kupangira pa iyo pafupifupi chilichonse. Kachipangizo kotchedwa sequencer kankabwereza mzere wa besi mosatopa ndi mosaphonya, zimene dzanja la munthu silingathe. Ntchitoyo idali yovuta chifukwa chidacho chinkasokonekera tchuni pakangopita kanthawi, moti ankajambula pang'onopang'ono n'kumachitchunanso. Ng'oma yaikulu yokha ndiyo idakanika kutuluka bwino pa makinawo, ndipo adaiimba ndi Keith Forsey. Nyimboyo idafika pa nambala wani ku Britain, ndipo ambiri olemba mbiri ya nyimbo amaitenga ngati kholo la house ndi techno.

Ku Africa nakonso chidachi chidafika. William Onyeabor wa ku Enugu m'dziko la Nigeria adamanga situdiyo yakeyake n'kumajambula nyimbo zovinika ndi masinthesaiza, kuphatikizapo a Moog, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ku South Africa, nyimbo za bubblegum za m'ma 1980 za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Sello Chicco Twala zidakhazikika pa makiyibodi ndi ng'oma za makina, ndipo kwaito ya m'ma 1990 idapitiriza njira yomweyo. Nyimbo zimenezi zidavinidwa kwambiri m'malo achisangalalo a Zingwangwa, Ndirande ndi makomboni ena a Blantyre. Kuno kwathu, kaimbidwe ka ku Balaka kamene kadatchuka ndi Alleluya Band, Paul Banda ndi Lucius Banda kadaikanso kiyibodi patsogolo. Zida zimene oimba ambiri a m'chigawo chino ankagwiritsa ntchito zidali za makampani a ku Japan, koma zidabwera m'njira imene Minimoog idalambula, yakuti sinthesaiza ikhale chida chonyamulika, cha makiyi, chogulidwa m'shopu.

Nyengo ya sampler

Sinthesaiza imapanga liwu kuchokera ku magetsi. Sampler imachita zosiyana: imajambula kachidutswa ka liwu lenileni, kaya ng'oma, kaya mawu a munthu, n'kukasunga kuti woimba azikaimba pa makiyi kapena pa mabatani. Fairlight CMI ya ku Australia idatuluka mu 1979, Emulator ya kampani ya E-mu mu 1981, ndipo MPC60 ya Akai, imene adaikonza ndi Roger Linn, idatuluka mu 1988. Kampani ya Roland idatulutsa ng'oma za makina za TR-808 mu 1980 ndi TR-909 mu 1983. Chaka cha 1983 chomwecho kudabwera MIDI, njira imene zida za makampani osiyanasiyana zimalankhulirana kudzera pa waya, kotero kuti munthu mmodzi adayamba kutha kuyendetsa situdiyo yonse.

Mmene zida zitatuzi zimagawanirana ntchito zimamveka bwino mu Blue Monday ya gulu la New Order ya mu 1983. Ng'oma zidachokera pa makina a Oberheim DMX, besi pa Moog Source, ndipo mawu onga a kwaya adachokera pa Emulator. Kagawidwe kameneka, ng'oma pa makina, besi pa sinthesaiza ndi zokometsera pa sampler, ndiko kadakhala maziko a nyimbo zamadansi zamagetsi.

Kampani ya Moog Music siidapindule ndi nyengoyi. Yamaha DX7 ya mu 1983, yogwiritsa ntchito manambala ngati kompyuta, inkaimba mawu ambiri pa nthawi imodzi, sinkasokonekera tchuni ndipo inkasunga mawu amene woimba wakonza. Oimba adataya zida zakale n'kuthamangira zatsopano, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Moog Music idali itagwa. Moog mwini wake adalowa ntchito mu 1984 ku Kurzweil Music Systems, kampani imene chida chake cha K250 chinkaimba mawu ojambulidwa a piyano ndi zida zina. Motero mmisiri wa sinthesaiza adathera zaka zingapo akugwira ntchito pa zida za m'banja la sampler. Atachoka kumeneko adabwerera ku Asheville n'kukaphunzitsa pa University of North Carolina ya mumzindawo.

Zida zakale zotayidwa zija zidatsika mtengo, ndipo amene adazitola m'mashopu a kaunjika adali achinyamata akuda a ku Chicago ndi Detroit, omwe adalibe ndalama zogulira zatsopano. Ndi zida zoterozo, makamaka za Roland, adapanga house ndi techno. Luso lawo lidali kupotokola mabatani a filter nyimbo ili mkati, kuti liwu lizitseguka ndi kutsekeka, ovina n'kumadikira kuti besi ibwerera liti. Nyimbozi zitafalikira ku Ulaya, liwu lakale lija lidayambanso kufunidwa, ndipo Minimoog zakale zidakweranso mtengo.

Dzina libwerera kwa mwini

M'zaka za m'ma 1990 ufulu wa dzina la Moog Music udali utagwera m'manja mwa anthu ena, amene ankapanga zida pa dzinalo. Moog ankagulitsa ma theremin a Etherwave ndi timabokosi tosintha liwu ta Moogerfooger pansi pa dzina la Big Briar, kwinaku akulimbana m'makhoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mu 2002, patatha zaka 25 chichokereni pa kampani yake yoyamba, adalandiranso dzinalo. Chaka chomwecho adatulutsa Minimoog Voyager, imene idasunga liwu lakale koma n'kuwonjezera MIDI ndi kusunga mawu. Ngakhale pamenepo, ku Britain dzinali lidali likadali la munthu wina, moti kumeneko chidacho chinkagulitsidwa pa dzina losiyana pang'ono.

Ulemu udamupeza ali wamkulu. Mu 2001 adalandira mphotho ya Polar Music Prize ku Sweden pamodzi ndi Burt Bacharach ndi Karlheinz Stockhausen, ndipo mu 2002 adalandira Grammy ya zaumisiri. Mu 2004 Hans Fjellestad adatulutsa filimu ya moyo wake, ndipo chikondwerero cha Moogfest chidachitika koyamba ku New York. Mu Epulo 2005 madokotala adamupeza ndi chotupa cha khansa mu ubongo chimene sichikadatheka kuchichotsa ndi opaleshoni. Adamwalira kunyumba kwake ku Asheville patatha miyezi inayi, ali ndi zaka 71, n'kusiya mkazi wake wachiwiri, Ileana, ndi ana anayi a m'banja lake loyamba. Chida cha Little Phatty, chimene adayamba nawo kuchikonza, chidatuluka mu 2006 iye atapita.

Chimene chidatsala

Ojambula nyimbo ambiri a m'makomboni a Blantyre sadagwirepo Moog yeniyeni, pakuti mtengo wake ndi wokwera. Ntchito yawo amaigwira pa kompyuta ndi mapulogalamu monga FL Studio, kiyibodi yaing'ono ili pambali. Koma akatsegula sinthesaiza ya m'pulogalamuyo amapeza oscillator, filter ndi envelope zitandandalikidwa monga momwe Moog ndi anzake adazisanjira, ndipo pali mapulogalamu ambiri olembedwa n'cholinga chongotsanzira filter yake ija. Amene amamvetsa ntchito ya zigawo zitatuzi amatha kuumba liwu lakelake m'malo modalira mawu obwera kale ndi pulogalamu, amene aliyense ali nawo.

Mbiri yake ilinso ndi chenjezo kwa oimba ndi ojambula nyimbo amene amasaina mapepala ali pa njala. Moog adapereka kampani kuti athane ndi ngongole, ndipo dzina lidapita nawo limodzi. Kuno kwathu za umwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, koma lamulo silibweza chimene munthu wachipereka yekha ndi siginecha yake.

Banja lake lidakhazikitsa bungwe la Bob Moog Foundation mu 2006, limene likutsogoleredwa ndi mwana wake Michelle Moog-Koussa, ndipo mu 2019 bungweli lidatsegula nyumba yosungiramo mbiri yake yotchedwa Moogseum ku Asheville. Kampani ya Moog Music idagulidwa mu 2023 ndi inMusic, imene ilinso mwini wa Akai Professional, opanga ma sampler a MPC. Dzina limene adalimenyera nkhondo lilinso m'manja mwa kampani yaikulu, ndipo likulembedwabe pa zida zatsopano.